Ndandanda ya Moto wa Kawailesi ka Bambo

Mutu 6

1. Mawu othera 2 koloko

Dzina lakuti Kamphepo sanamupatse pachabe. Mtsikanayu kuyambira ali wamng'ono sankayenda, ankangodutsa. Ukamutuma, iwe uli mkati molongosola iye wafika kale pageti, kenako n'kubwerera kudzafunsa chomwe wamutuma. Anamupatsa dzinali ndi bambo ake, masiku amene anali ndi mawu.

Mawuwo anapita chaka chatha. Madokotala anapeza chotupa pakhosi, ndipo pofuna kupulumutsa moyo anachotsa kholingo. Bambo aja amene ankati akaseka agalu a kwa aneba n'kuyamba kuuwa, anatuluka m'chipatala ali duu, nsalu yoyera ili pakhosi.

Tsopano ankayankhulira m'kachipangizo kolendewera pachifuwa. Ankalemba ndi chala chachikulu, iko n'kutulutsa mawu. Sanali mawu achilendo ayi. Kampani yaing'ono imene inakapanga inatolera timavidiyo takale ta m'mafoni a pabanjapo, n'kuumba mawu a bambowo enieni, ndi kusasa kwake komwe. Kunyumba ankangokatchula kuti kawailesi. Tsiku limene kanayankhula koyamba, amayi ake a Kamphepo analira mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Ku kampani komweko n'kumene Kamphepo ankaphunzira ntchito, atamaliza chaka choyamba ku koleji.

Koma kawailesi kanali ndi khalidwe limodzi loipa: ikangokwana 2 koloko masana, kankatha moto. Ukakalumikiza ku chaja kankalira ngati njuchi, mawu osamveka. Batire lowonjezera linali lolemera, ndipo khosi lochitidwa opaleshoni salisenzetsa katundu.

Bambowo anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa nazale ya mitengo ndi maluwa, moti anzawo ankangowatchula kuti a Maluwa. Ntchito yawo inali kuyenda ndi makasitomala m'mizere, kuwauza mtengo wokonda dzuwa ndi wokonda mthunzi. Mwini nazale anawasungira malo chaka chathunthu. Chaka chitakwana anabwera yekha kunyumba, chipewa chili m'manja.

"A Maluwa, inu mukudziwa kuti ndimakukondani," anatero. "Koma kasitomala akafunsa amafuna yankho. Bwerani Lolemba. Mukatha tsiku lonse, kuyambira 8 mpaka 5, malo ndi anu. Zikakanika ndiika wina, ndipo musadzandide."

Limeneli linali Lachinayi m'mawa.

2. Kapitawo wosaona

Masana a tsikulo Kamphepo analowa m'chipinda chakumbuyo kwa kampani ngati wathamangitsidwa. M'chipindamo munali benchi yaitali, mawaya olendewera pamisomali, ndi fungo la waya wowotcha. Pampando wopanda chotsamira panali injiniya wamkulu, mayi wa imvi amene magalasi ake anali omangirira kachingwe. Onse ankamutchula Mayi Mita, chifukwa mita yoyezera magetsi sinkachoka m'thumba la juzi yawo.

Kamphepo anafotokoza zonse mpweya umodzi. Mayi Mita anamvetsera, kenako anakoka mpando wina ndi phazi.

"Khala pansi. Nkhani ya moto sitikamba chiimire."

Anatsegula kawailesi kena koyesera, n'kuloza ndi nsonga ya pensulo.

"Purosesa iyi, ubongo wa kawailesi, ili ndi mitu isanu ndi umodzi, iwiri ikuluikulu, inayi ing'onoing'ono. Mutu uliwonse uli ndi magiya ake, ngati galimoto. Pansi pa mapulogalamu onse pali kenelo, imene imayendetsa makina onsewa. M'kenelomo muli kachigawo kamene kuno timakatchula kuti kapitawo. Ntchito ikabwera, kaya kuyatsa sikirini kaya kuumba liwu, kapitawoyo ndiye amasankha mutu woti uigwire."

"Zimenezo tinaphunzira, mayi."

"Munaphunzira za m'buku. Tsopano imva za pabenchi. Kapitawoyu saona. Alibe mita, sadziwa kuti batire n'chiyani. Chimene ali nacho ndi ndandanda imene timamulembera ife: mutu wakuti, pa giya yakuti, umanyamula ntchito yochuluka chonchi, umadya moto wochuluka chonchi. Akaona ndandanda amasankha pamene moto upite wochepa. Ndandanda imene ili m'kawailesi ka bambo ako tinangokopera papepala la opanga purosesa. Iwowo anayeza m'chipinda chozizira. Bambo ako amakavala pachifuwa, padzuwa, ndipo purosesa ikatentha imadya kwambiri. Tilembe yathu."

Maso a Kamphepo anawala. "Ndiye tilembe pompano!"

Mayi Mita anavula magalasi. Aliyense pakampanipo ankadziwa kuti magalasi akavulidwa, mawu atalika.

"Tamvera, mwana wanga. Magiya onse pamodzi alipo khumi ndi anayi. Pa giya iliyonse uika bolodi, kathabwa kamene pali purosesa, m'kabokosi kotenthetsera aka mpaka ifunde ngati pachifuwa cha munthu. Kenako uipatsa ntchito yofanana, udikire nambala ya pamita ikhazikike, ulembe. Uyezenso kachiwiri. Giya imodzi ndi mphindi makumi anayi, ndipo palibe njira yachidule. Ndakuona manja ako, ndi abwino, koma ali ndi phuma. Pofika giya yachitatu udzatopa. Mtima udzakuuza kuti zotsalazo ukuzidziwa kale. Umenewo ndi mtima wabodza, usaumvere. Kapitawo ali ngati mwana wamng'ono, chimene wamuuza amakhulupirira ndi mtima wonse. Safunsa, satsutsa. Ukamunamiza sakwiya, amangochita zimene wanena, ndipo wovutika amakhala munthu amene wavala kawailesiyo. Nambala imene sunaiyeze usailembe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndamva, mayi."

"Wamva ndi makutu. Mawa ine ndikhala kuchipatala tsiku lonse, ndikukapereka timawailesi tina tiwiri. Benchi ndi yako."

3. Manambala a m'mutu

Lachisanu Kamphepo anayamba bwino ndithu, tisamunamizire. Anafika m'mawa, anatenthetsa bolodi, anayeza giya yoyamba ya mitu ing'onoing'ono. Nambala inatuluka yaing'ono. Anayeza yachiwiri, yaing'ononso. Anadumphira ku giya yomaliza ya mutu waukulu, ndipo nambala imene inatuluka inamuchititsa kuimba mluzu.

"Nayi mbala ya moto wa bambo anga!" anatero ali yekha.

Anayang'ana wotchi. Maola awiri apita, magiya atatu okha. Otsala khumi ndi imodzi. Kunja anzake anali kuseka podya masana, iye ali pheee kuyang'anizana ndi kabokosi kotenthetsera kamene sikadziwa n'komwe kuti Lolemba layandikira.

Apa m'pamene mtsikana wathu anapanga nzeru zake. Ngati mitu ikuluikulu ndiyo mbala, bwanji osangoitsekera kunja? Anatenga ndandanda n'kuyamba kudzaza mipata ndi manambala a m'mutu. Mitu ikuluikulu anailembera moto wochuluka pa giya iliyonse, kuti kapitawo aziiopa. Ing'onoing'ono anailembera kuti ndi zimphona, imanyamula ntchito kuwirikiza kawiri kuposa mmene imathera. Zonsezi zinamutengera mphindi khumi zokha.

Analowetsa ndandandayo m'kawailesi koyesera n'kufunsa kuti moto ukhala maola angati. Pasikirini panatuluka kuti maola khumi ndi limodzi.

Kamphepo anavina pakati pa mawaya. Chimene sanaganize n'chakuti kawailesi kamawerengera maolawo kuchokera pa ndandanda yomweyo. Anali atalemba bodza, kenako n'kufunsa bodzalo ngati likunena zoona. Abale, bodza lingadzikane lokha?

Madzulo atafika kunyumba anapempha kawailesi ka bambo ake, anakalumikiza ku kompyuta yake patebulo lodyera, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Mawa mukayese, bambo. Simudzaonanso 2 koloko."

Bambowo anamwetulira, n'kumutsina tsaya monga ankachitira ali wamng'ono.

4. Nthabwala yochedwa

Loweruka m'mawa kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo. Azakhaliwa pakamwa pawo sipatera ntchentche. Asanakhale pansi anali atatha kale nkhani ziwiri, ya kondakitala wamwano ndi ya nsapato zimene zinawaluma.

Kuyambira kale, ntchito ya bambo inali kuwadula ndi nthabwala. Amayi anabweretsa tiyi, onse anakhala pabalaza, ndipo azakhali anayamba za mtengo wawo.

"Achimwene, mango aja munandipatsa aja ndi ogona. Zaka zitatu ndikuthirira, ndikuwayankhula tsiku ndi tsiku, koma chipatso n'chimodzi chomwe ayi!"

Bambo maso anawala. Chala chinathamanga pa kawailesi. Anadina, n'kutsamira kumbuyo kudikira kuti anthu aseke.

Kawailesi kanali zii.

Azakhali sadikira munthu. Anamwa tiyi, nkhope n'kusintha. "Paja mwamva za amuna a mnzanga wa kwaya uja? Agonekedwatu. Masiku anayi tsopano, sakudya, sakuyankhula."

Apo m'pamene kawailesi kanadzuka, mawu ali odukaduka: "A... kudi... kira kuti mupu... me kaye, a... chemwali."

Azakhali anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Bambo anagwedeza manja kukana, akuloza panja, kumitengo. Analembanso msangamsanga kuti afotokoze, koma mawuwo anafika azakhali atanena kale kuti, "Koma achimwene, matenda sasekatu." Analembanso. Anachedwanso. Chilichonse chimene ankanena chinkagwera pankhani ya eni.

Amayi ndiwo anazindikira. "Amanena za mango, alamu. Kachipangizoka kakuchedwa lero."

Azakhali anaseka mpaka misozi, nkhani n'kutha. Koma bambo sanalembenso. Patapita kanthawi anavula kawailesi n'kukaika patebulo, akupukuta pachifuwa. Kamphepo atakagwira anapeza kakutentha ngati kapu ya tiyi. Isanakwane ndi 1 koloko yomwe, sikirini inazima.

Masana onse bambo anakhala manja ali pamaondo, akungomwetulira nkhani zikamadutsa. Kawiri konse Kamphepo anaona chala chawo chikufunafuna pachifuwa, n'kubwerera. Zinamupweteka kwambiri mtsikanayo, kuposa akanakalipiridwa.

Azakhali atapita, anakhala pakhonde akulira mwakachetechete. Bambo anabwera, anakhala pambali pake, n'kulemba kuseri kwa envelopu yakale: *Usadandaule. Kachita manyazi ndi alendo.*

Kamphepo anaseka misozi ili m'masaya. Kenako anatenga foni n'kuimbira Mayi Mita.

5. Zimene mita inanena

Lamlungu 8 koloko m'mawa Mayi Mita anatsegula chitseko cha kampani ndi makiyi awo, atanyamula fulasiki ndi buledi. Kamphepo anaulula zonse asanalowe n'komwe. Anayembekeza kuti magalasi avulidwa.

Sanavulidwe. Mayi Mita anangoti, "Yatsa kabokosi. Otsala ndi angati?"

"Khumi ndi imodzi."

"Ndiye tili pano mpaka madzulo. Iwe uziyeza, ine ndizisoka batani la juzi yangayi, lakhala likundivuta mwezi wonse."

Anayamba. Kutenthetsa, kudikira, kulemba, kuyezanso. Miyendo ya Kamphepo inkavina pansi pa benchi, koma sanadzuke. Pa giya yachisanu nambala ziwiri zinasiyana, ndipo anabwereza kachitatu popanda womuuza. Mayi Mita anaona, koma anapitiriza kusoka.

Cha m'ma 1 koloko Kamphepo anasiya kulemba.

"Mayi, mita iyi ili bwino?"

"Yakhala bwino zaka makumi awiri. Waona chiyani?"

"Mutu waung'ono pa giya yomaliza ukutenga masekondi asanu kuti uumbe chiganizo chimodzi. Mutu waukulu pa giya yachiwiri ukudya moto woposerapo pang'ono chabe, koma sekondi isanathe wamaliza, wagona." Anawerengera papepala, n'kuwerengeranso. "Ndiye kuti pa chiganizo chimodzi, waung'onowo ukudya kanayi kuposa waukulu!"

"Eya."

"Ndiye mbala sinali mutu waukulu?"

"Mbala panalibe. Waukulu ukauthamangitsa pa giya yomaliza umadyadi, unaona bwino. Koma ukauyendetsa pang'onopang'ono ndi wantchito wabwino. Waung'ono ndi wa ntchito zopepuka, kudikira batani, kusunga nthawi. Iwe unausenzetsa thumba la simenti, n'kumuuza kapitawo kuti ndi chimphona. Mutuwo unathamanga tsiku lonse osafika, n'chifukwa chake unatentha. Imwa tiyi, kwatsala magiya anayi."

Itatsala pang'ono kukwana 4 koloko ndandanda inadzaza, nambala iliyonse yoyezedwa kawiri. Anailowetsa m'kawailesi ka bambo kamene Kamphepo anabwera nako. Kamphepo analemba chiganizo, ndipo asanachotse chala mawu a bambo ake anali atamveka kale m'chipindamo.

Ulendo uno sanafunse sikirini. Analumikiza mita, anakapatsa nkhani zochuluka monga za munthu wogwira ntchito pa nazale, n'kuwerengera okha. Yankho linatuluka maola asanu ndi atatu ndi mphindi makumi awiri. Kuyambira 8 koloko, kawailesi kadzazima 4:20.



"Kwaperewera mphindi makumi anayi," anatero Kamphepo motsitsa. "Palibenso pena pofinya?"

"Alipo, koma si ntchito ya tsiku limodzi."

"Ndiye ndingowauza kuti kafika 5. Akadziwa sagona. Mwina mawa makasitomala achepa, sadziwa n'komwe."

Apa ndiye magalasi anavulidwa.

"Lachisanu unanamiza kapitawo, lero ukufuna unamize bambo ako? Ndikudziwa, ukuti ndi chifundo. Inenso ndinachitapo chifundo chimenecho, ndili ndi zaka zoposa zako pang'ono. Panali mayi wina amene tinamupangira kachipangizo koyamba, kolemera ngati njerwa. Mwana wake mmodzi yekhayo amanyamuka ulendo wautali wa kusukulu. Anandifunsa kuti, kodi kafika madzulo? Ine ndinkadziwa kuti sikafika, koma nkhope yake inandimvetsa chisoni, ndinati kafika. Mayi uja anatha tsiku lonse akukamba za masokosi, za sopo, za kutseka bwino chikwama. Atafika pokwerera basi, nthawi yoti anene zimene anasunga mumtima, kachipangizo kanazima. Mawa lake anabwera. Sanakalipe. Analemba papepala kuti, mukanandiuza, ndikanayamba ndi mawu ofunika. Pepala limenelo ndikadali nalo. Mwana wanga, munthu ukamuuza zoona umamupatsa mpata wosankha. Ukamunamiza wamusankhira iwe, ndipo sanakutume. Bambo ako anataya kholingo, nzeru sanataye. Pita ukawauze 4:20, usawonjezere ngakhale mphindi imodzi."

6. Kuseri kwa nyumba

Kamphepo anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba, dzuwa likupendeka, akuthirira mbande zimene ankadzala m'zitini zakale za penti. Anawaveka kawailesi yekha, akusamala kuti lamba asakhudze chipsera.

"Tayesani, bambo."

Bambo analemba, ndipo nthawi yomweyo kawailesi kanati, "Kodi lero kadya chiyani?"

Anadzidzimuka okha. Analembanso: "Ha!" Analembanso: "Amayi ake, tabwerani mudzamve!" Amayi anatulukira pawindo la kukhitchini manja ali ndi thovu la sopo, n'kuwauza kuti asasokose, aneba ali ndi mwana wakhanda.

Kamphepo anadikira kuseka kuthe. Kenako anagwada pafupi ndi zitini zija.

"Bambo, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti zadzulo zija si manyazi a kawailesi. Ndine. Ndinatopa kuyeza, ndinalemba manambala a m'mutu mwanga. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa azakhali. Mundikhululukire."

Bambo anatula keni yothirira pansi. "Azakhali ako akhala akundichititsa manyazi zaka makumi asanu. Tafanana. Achiwiri?"

"Achiwiri ndi akuti mawa sikafika 5. Mukamayankhula monga mwa masiku onse, kazima 4:20. Tayeza ndi mita, kawiri."

Bambo anayang'ana mbande zawo, anathyola tsamba louma pa imodzi, n'kuliponya pansi.

"Chimadya moto kwambiri n'chiyani?" anafunsa.

"Kuyankhula. Kakangokhala chete kamadya pang'ono."

"Ndiye mawu ochepa, tsiku lalitali."

"Eya, bambo."

"Basi. Wothirira akadziwa madzi amene ali m'keni, amadziwa poyambira. Nthabwala ndisiya kunyumba kuno, amayi ako andisungira." Anamukoka kuti adzuke, n'kumusasa fumbi pamaondo. "Dzulo ndinali ndi 1 koloko. Lero wandipatsa 4:20, ndipo ndi yeniyeni. Ukulira chiyani?"

"Sindikulira."

"Ndiye zitini zangazi zikuthiriridwa ndi ndani?"

7. Lolemba

Lolemba Kamphepo anawaperekeza mpaka pa nazale. Bambo anavala ovolosi yawo yobiriwira imene amayi anaisita kawiri. Pageti panali fungo la dothi lonyowa, ndipo mapaipi anali atayamba kale kuthirira mizere.

Mwini nazale anatuluka muofesi akupukuta manja.

"A Maluwa! Mwafika tsiku labwino. Kukubwera mkulu wina wa kontirakiti, akufuna mitengo mazana atatu yodzala pabwalo la sukulu yatsopano. Munthuyo ndi wamafunso, amatha ola lathunthu akufunsa za mizu. Ndikufuna mukambe naye inuyo, palibe wina angamuthe. Wati afika 4:30."

Bambo anayang'ana Kamphepo, iye n'kugwedeza mutu pang'ono. Onse awiri anali atawerengera kale. Panalibenso za mphindi makumi anayi. Pankafunika ola lathunthu la mawu madzulo, ndipo ankayenera kulisunga posayankhula m'mawa uno.

Bambo anatembenukira kwa mwini nazale n'kudina kamodzi. "Ndidzakhalapo."

Nthawi yomweyo anzawo a ntchito anawaona. Anataya mawilibala, anabwera akuthamanga, akufuula. Mayi wa kumaluwa a m'miphika anawakumbatira akulira. Mlonda wokalamba anawagwira mapewa.

"A Maluwa! Akuti muli ndi mawu anu aja! Tatiyankhulani timve, chaka chonsetu ichi!"

Chala cha bambo chinakwera pachifuwa, chinaima, n'kutsika. Anawagwira chanza mmodzimmodzi ndi manja awiri, akumwetulira, akuloza dzuwa kenako kumadzulo. Sanadine. Kamphepo ankadziwa nthabwala zimene zinali kuwayabwa pa aliyense wa anthuwo, ndipo anayang'ana kumbali.

Atabalalika, iye anati, "Ndapita, bambo. Mayi Mita akundidikira."

Anaona chala chikukweranso. Anachigwira msanga.

"Ayi, bambo. Sungani. Ine ndimva madzulo."

Bambo anachotsa dzanja lake mofatsa, monga amachotsera mbande m'chitini. Analemba pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso, n'kudina.

"Mawu awa ndinawapatula dzulo. Zikomo, mwana wanga."

Kamphepo anangogwedeza mutu, n'kutuluka pageti akuyenda bwinobwino ngati munthu wonyamula madzi.

Asanafike pamsewu, basi yaikulu inakhota n'kulowa pageti lomwelo. Chitseko chitatseguka munatsika amayi a gulu lina lokongoletsa misewu, oposa makumi atatu, aliyense ali ndi kope ndi cholembera. Wotsogolera anaima pakati pa bwalo n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi amene amadziwa za mitengo pano ndi ndani?"

Mlonda analoza bambo. Nthawi inali 8 koloko ndi mphindi zitatu.